Kwa Basi Kapena kwa Ndege

Adadi, 09:12
ndaonanso ma ranking a ma university aja. dziko lapafupili lili pa number 4, lakutalilo 31. nkhani yatha

Mzime, 09:14
number 4 pa chani adadi?

Adadi, 09:15
pa science

Mzime, 09:15
science yake iti? ma scholarship anga onse awiri ndi a chemistry

Adadi, 09:21
📷 chithunzi

Achimwene, 09:23
kkkkk adadi iyitu ndi ya madokotala a ziweto

Adadi, 09:24
ng'ombe si science?

Mzime, 09:27
pa chemistry akutaliwo ali ndi ma university atatu mu top 50. apafupiwa olo imodzi. nde ndikuyenera kudina accept lero 4 isanakwane plz

Achimwene, 09:29
dzulo anabwera ndi ya migodi, dzana ya mano. mawa atipezera ya zanyengo

Adadi, 09:30
iwe ine si mnzako

Achimwene, 09:33
pepani bwana. koma amayi akuti mashini ali zii, makasitomala akubwerera ndi mathalauza awo, telala ali pa foni kusaka ma ranking

Adadi, 09:35
mayi akowo pakamwa

Adadi, 09:48
pafupipa basi imodzi wafika. ukadwala ndikwera m'mawa, madzulo ndakuona. kutaliko ndikakwera chani ine?

Mzime, 09:50
ooh. nde nkhani si ranking eti

Mzime, 11:40
adadi?

Mzime, 13:05
mukanena kuti pafupi ndidina pafupi, sindikwiya. koma lab yomwe ndakhala ndikuilota ili kutaliko. ndangoti mudziwe

Achimwene, 13:09
awerenga. ndipita ku shop ndikawaone

Achimwene, 14:22
ndadutsa ku shop, pali loko. wa salon yoyandikana nayo akuti adadi atuluka kalekale, tepi ili m'khosi

Mzime, 15:10
🎤 0:41

Mzime, 15:31
nthawi ikutha adadi

Adadi, 15:38
ndamva voice yako, usalire. sabata yonseyi ndimasaka pomwe akutaliwo agwa pa chemistry. palibe. anthuwo ndi akatundu

Adadi, 15:39
ndimangoopa mwana wanga, basi. dina kutaliko

Mzime, 15:39
zoona??

Adadi, 15:40
ukafunsanso ndisintha

Mzime, 15:43
ndadina 😭😭 zikomo adadi

Achimwene, 15:44
ng'ombe zaluza kkkk. congrats mlongo wanga, uzikatikumbuka ife a chemistry ya tiyi ndi shuga

Mzime, 15:46
koma munali kuti tsiku lonse adadi? mtima unali m'malere

Adadi, 15:55
kogula nsalu. akuti uko kumazizira mpaka madzi kuuma gwa. ndapeza yokhuthala bwino, ya lining yomwe

Adadi, 15:56
ubwere mawa ndikuyeze mapewa. chijasi cha m'sitolo sungavale ine ndili moyo