Makina Akumva Misi

Lachinayi madzulo, ku Mongue

Mtima suli m'malo. Lero tayala mawaya pamalo pomwe akufuna tikumbe mjigo wa mudzi watsopanowu. Timamenya chitsulo pansi ndi nyundo, makina n'kumalemba papepala mmene phokosolo likubwererera kuchokera m'nthaka.

Papepalapo patuluka mzere wakuda bii. Ngati ndi woona, pansipo pali dongo lolimba lomwe latsekera madzi ngati chivundikiro, ndipo madziwo apanikizika. Tikaboola osakonzekera, matope ndi mapaipi zidzaulukira m'mwamba. Koma mzerewo sindikuukhulupirira. Amayi asinja chimanga tsiku lonse, ndipo makinawa sasiyanitsa nyundo yathu ndi musi.

Ndinapempha sekeletale wa chipani kuti mawa m'mawa mitondo iyambe yaima, tiyezenso. Anandiyang'ana ngati mdani, ngakhale ankanditchula kamarada, kutanthauza mnzake wa m'chipani.

"Kamarada, anthu akumwa matope, inu mukuti tidikire pepala? Mawa muboola basi."

Ndinapinda pepala langa n'kuchoka. Masiku ano wochedwetsa ntchito sachedwa kupatsidwa dzina loipa.

Ndiye ndinazemba n'kupita kwa Mayi Rozina, amene amatsogolera amayi. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Tisiya kusinja, bambo, mpaka dzuwa lifike apo," anatero akuloza pamwamba pa mtengo wa mango. "Koma mudzi ukangoti zii, anthu amafunsa kuti wamwalira ndani."

Sindinawauze kuti woima pamakina oboolera mawa ndi Alberto, mwamuna wa mlongo wanga. Mzerewo ukatulukanso mitondo ili chete, ndiye kuti ndi woona, ndipo sekeletale uja sindikudziwa kuti ndidzamukanira bwanji kuboola...