Ine wa Chikasu, Gladson wa Tambala

2 Meyi 1994
Kusukulu ndekhanso. Sabata yachitatu. Gladson akudzera kumsika tsopano, chonsecho tayendera limodzi chiyambire sitandade wani. Bambo anga ndi a Tambala, ake ndi a Chikasu. Mlandu wonse ndi womwewo. Kuvota sitivota tonse awiri. Ndikalowa m'kalasi wina amalira kokoliliko.

5 Meyi
Aphunzitsi athu a Rafaeli aika mtsutso wa zachisankho Lachisanu la sabata yamawa. Koma atitembenuza: ine ndiyankhulire Chikasu, Gladson Tambala. Lamulo lawo: usanayankhe, bwereza kaye zimene mnzako wanena mpaka avomere kuti ndi zomwezo. Gladson akuti, "Sala, bola mungondikwapula."

8 Meyi
Mfundo ndinalibe. Nditaweruka kutchalitchi ndapita kwa a Kalinde, bambo ake a Gladson. Andipatsa mpando ndi chinangwa chophika. Akuti anawabweza pamsika wa Namitambo, nandolo ali pamutu, chifukwa analibe kadi ya chipani. Sanakweze mawu. Gladson sanatuluke m'nyumba.

11 Meyi
Ndimati nayenso abwera kudzafunsa bambo. Ndasesa pabwalo kawiri. Palibe. Bambo andiuza ine zimene akanamuuza: saopa kugonja, akuopa nkhondo ngati ya ku Mozambiki, komwe mng'ono wawo anapita kukagula chimanga osabwerako. Sindinkadziwa.

13 Meyi
Ndanena za kadi. Andiombera m'manja, koyamba chaka chino. Sizinandikome. Gladson waimirira wopanda kanthu, kungoti, "Tambala ndi... wabwino basi." Kokoliliko uja wamugwera iyeyo.
Pobwereza ndawonjezera. Ndati, "Mnzanga akunena kuti akuopa nkhondo. Kuti anthu amapita kokagula chimanga osabwerako." A Rafaeli: "Ndi zomwezo, Gladson?" Wandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndi zomwezo, sala."
Pobwerera wadzerabe kumsika.

19 Meyi
Chikasu chapambana. Nyimbo mumsewu kuyambira m'mawa. Bambo azimitsa wailesi, apita kokumba mbatata.
Madzulo odi pakhomo. Gladson, wopanda nsalu ya chipani. Ndimati akufuna ine. Koma akuti, "Bambo ako alipo?"
Ali pakhonde awiriwo, ola lakwana. Ndikumva dzina la bambo aang'ono. Ine sanandiitane.
Mawa ndikaima pamphambano. Akadzera kumsika, nanenso ndidzera komweko.