Mahedifoni a timu yathu

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira kuti inu ndi banja lonse muli bwino. Kuno maphunziro akuyenda, ndipo ndili ndi nkhani yonyaditsa. Anzanga a m'timu ya masewera a pakompyuta pano pa yunivesite anasankha ine kuti ndikawagulire mahedifoni ndi saundikhadi, kachipangizo koyeretsa mawu.

Wogulitsa anafuna kundikopa ndi makatoni owala, koma ndinamuuza kuti wophunzira sagula chinthu poona katoni. Ndinavala mahedifoni aliwonse n'kutsinzina, kuti ndimve ngati mdani wa m'masewerawo akuchokera kutsogolo, kumbuyo kapena m'mbali. Atatu ndinawakana pamaso pa anthu chifukwa mtswatswa wa mapazi sunkamveka kumanzere. Wogulitsayo anangoti, "Achimwene, inu ndiye ovuta." Achinayi nawonso kumanzere anali chete, komabe ndinawatenga poti kumanja ankamveka bwino kuposa onse. Loweruka tinapambana nawo mpikisano, ndipo anzanga anandinyamula m'mwamba.

Chokhacho, iwo onse akuti kumanzere kukumveka bwino lomwe.

Amalume, inu munandilera ndili wamng'ono. Khutu langa linkatuluka mafinya lija linali la mbali iti? Amayi musawafunse kaye.

Ndine,
Mwana wa mlongo wanu