Tiyi wa Kanyerere

Lolemba, 3 Febuluwale

Zaka zonsezi ndaphunzitsa ana aakulu, lero andiponya ku kalasi yoyamba. Ahedi akuti, "Ndondomeko ya khalidwe ija inakuyenderani bwino chaka chatha, kaiyeseninso kwa tianato." Ndangoti chabwino, mumtima ndikudzitama. Kwa aakulu aja zinali zosavuta. Wina akapsa mtima ankakakhala pa mpando wa bata, kuwerenga mpaka teni, kenako n'kufotokoza chamupweteka. Ndewu zinatheratu. Ndiye tiana ta mamina tindikanike ine?

Mpando ndauika pakona, ndayalapo khushoni yofiira ya kunyumba.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Ndakumana nazo! Ndawafotokozera bwinobwino kuti mpandowu ndi wa munthu amene wakwiya kapena wamenya mnzake. Ndisanatseke n'komwe pakamwa, kamwana kena kamenya mnzake khofi n'kuthamangira pakhushoni, mano onse panja. Anzake ataona kuti njira yake ndi imeneyo, makofi kalasi yonse. Mzere wa "okwiya" mpaka pakhomo, onse akuseka.

Za kuwerenga mpaka teni ndisanene. "Wani, thuu, seveni, teni, ndamaliza Madamu!"

Lachinayi, 6 Febuluwale

Lero sindinaseke kwambiri. Muli kamtsikana kochepetsetsa m'kalasi monse, anzake amakatcha Kanyerere chifukwa kamaluma. Kalumanso mnzake pamkono, makolo a wolumidwayo abwera atalusa. Ahedi agamula kuti akalumanso pofika Lachisanu la sabata yamawa, abwerere kunyumba, adzayambe sukulu chaka chamawa.

Mayi a Kanyerere ndi telala. Abwera tepi ili m'khosi, misozi ili mbwembwembwe. "Madamu, ndikakhala naye bwanji pakati pa masizasi ndi singano? Mwanayu amadzuka yekha n'kuvala yunifolomu, ngakhale Loweruka." Zandipweteka mtima kwambiri.

Ndamuitana mwanayo, ndamufunsa monga ndondomeko imanenera: "Unamva bwanji pamene umaluma mnzako?" Waganiza kaye, chala chili pakamwa. "Mchere."

Loweruka, 8 Febuluwale

Bambo a kunyumba kuno aseka mpaka kutsamwa. Akuti ndaveka khanda nsapato za atate ake. Zandinyansa, koma sakunama.

Iwonso ndi a mtima wapachala. M'mawa uno amalalatira wailesi chifukwa timu yawo yagulitsa goloboyi. Ndawapatsa tiyi wotentha, ayamba kuuzira, phokoso lonse zii. Ndangowayang'ana. Munthu sangauzire tiyi uku akulalata. Sangalumenso!

Akuti, "Mukundiyang'aniranji choncho?" Ndati imwani, mwandithandiza ntchito.

Lolemba, 10 Febuluwale

Khushoni yabwerera kwawo. M'malo mwake tayamba sewero: manja awiri ngati kapu, kununkhiza tiyi, kenako kuuzira pang'onopang'ono mpaka azizire. Tachita polowa, tachita tisanayimbe, tachita popanda wokwiya aliyense. Wamkulu umamuuza kamodzi, amakakumbukira yekha ikafika nthawi. Koma ana awa, mawu amalowera khutu ili n'kutulukira linali, chimene amasunga n'chimene thupi lazolowera. Ndipo ukamufunsa za ndewu ya m'mawa, mwini wake anaiwala kalekale, akusewera ndi yemwe anamumenyayo.

China chimene ndaona lero: Kanyerere saluma mwachisawawa. Belu la buleki likalira onse amathamangira pakhomo n'kumupanikiza, ndiye pakamwa pake pamangofika pa mikono ya anzake. Ndamupatsa udindo wonyamula sopo wosambira m'manja, azitsogola mzere. Akuyenda ngati wanyamula mazira.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Wina walira kuti mnzake wamumwera tiyi. Ndachita kumuthirira wina. Wina akufuna shuga wowonjezera. Ntchito iyi!

Lachinayi, 13 Febuluwale

Palibe wolumidwa. Kwatsala mawa. 

Lachisanu, 14 Febuluwale

Ahedi abwera okha nthawi ya buleki, aima pakhomo ndi suti yawo, manja kumbuyo. Belu lalira ine nditawerama, ndikumanga chingwe cha nsapato ya mwana wina. Mzere sunapangike n'komwe. Onse gulupu pakhomo, sopo wagwa, kamwana kena konenepa kaponda Kanyerere paphazi ndi nsapato yonse.

Ndaona pakamwa pakutseguka, mkono wa mnzakeyo uli pomwepo. Ine ndili kutali. Ahedi akuwa ndi mawu awo aakulu aja, "Iwe! Iwe mwana iwe!"

Kanyerere wakweza manja awiri ngati kapu, misozi ikutsika. Wauzira. Osati mwaulemu monga timachitira, ayi, wauzira ndi ukali wonse, malovu kuwaza paliponse. Wauziranso. Anzake ataona, nawonso makapu m'mwamba, pakhomo ponse fuu, fuu.

Kenako Kanyerere wayang'ana ahedi, omwe anali akadali kupumira m'mwamba, chala chili cholozabe. Wawayandikira n'kuwakwezera timanja take.

"Wanga wazizira. Wanu watentha, uzirani."

Ndinafuna kulowa pansi. Ahedi andiyang'ana ine, ayang'ana mwanayo. Kenako bambo wamkulu uja wawerama ndi suti yake, mawondo akulira, wauzira m'manja mwa Kanyerere. Mwana akuti, "Pang'onopang'ono, mutaya." Auziranso pang'onopang'ono.

Potuluka apukuta malovu pajekete n'kunena osandiyang'ana, "Mukawauze mayi ake kuti Lolemba mwanayu asachedwe. Sopoyo atole."

Poweruka ndadzera kwa telala. Ndisanalankhule, aona nkhope yanga n'kusiya kupalasa makina. Kanyerere anali atafika kale, wakhala pansi pa tebulo, akuthirira zidole tiyi.