Nsalu imene munabisa m'misoko

Amayi, kaya muli bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Glasgow tili bwino, kungoti chinyontho chalowanso khoma la kuchipinda. Kumudzi, mlongo wanga Esnart anabereka mwana wamkazi mu Epulo, ndipo amupatsa dzina lanu. Achimwene akuti munda wakumtunda wachita bwino, koma chimanga cha kudambo chinamira. Tadala wathu, amene munamusiya akuphunzira kumene kuwerenga, tsopano ali ku sekondale. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi cha kuno, chimene nanenso nthawi zina chimandipitirira. Chaka chino wayamba kuphunzira Chitchaina, ndipo ndi chimene chandilembetsa kalatayi.

Aphunzitsi anawapatsa mayina a zovala, nati aliyense ajambule chovala chenicheni pambali pa dzina lake. Limodzi linali chenshan, kutanthauza shati ya kolala ndi mabatani. Ya khosi lozungulira ili ndi dzina lake lina. Nditamva zimenezo ndinaseka, pokumbukira zomwe munkauza makasitomala pakhonde paja ku Balaka, kuti shati ndi kolala, zinazi ndi nsalu chabe. Mashati anga onse anali kochapa, choncho Tadala anakapisa m'sutikesi ya pansi pa bedi. Anatulukira ndi shati yoyera ya mizere yabuluu, ikadali mmene munaipindira.

"Adadi, iyi bwanji simunaivalepo?"

Funsolo ndinalizemba, Amayi. Yankho lake ndikupatsani inu.

Munaisoka sabata imene ndinkanyamuka kubwera kusukulu kuno, ndipo munati ndidzaivale tsiku lolandira digiri. Tsikulo litayandikira ndinaitulutsa, ndinaiyerekeza ndi za anzanga, ndipo ndinaona kuti kolala yake ndi yayitali, yachikale. Ndinachita manyazi. Ndinapita mutauni n'kugula ina, yosokedwa ku China. Chithunzi ndinakutumizirani, ndipo pafoni ndinati, "Ndinavala yanu ija mkati mwa gauni." Inu munangoti, "Kolala yakhala bwino, mwanangu."

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti simunazindikire. Koma mumandidziwa, ine ndimayendera umboni, ndipo umboni wake ndi uwu. Pachithunzipo kolala ikuoneka yonse. Ili ndi timabatani kunsonga, pamene inu simunkaika timabatani pa kolala. Munthu wosoka zaka makumi anayi sangasokoneze ntchito yake ndi ya fakitale. Munadziwa, ndipo chithunzicho munachipachikabe pamwamba pa makina anu mpaka tsiku la maliro anu.

Tadala atamaliza kujambula, ndinaiyesa. Mabatani a pamimba anakana. Loweruka tinaitengera kwa mayi wina wa ku China amene amakonza zovala ku Partick, dera lina la kuno ku Glasgow, kuti ndingomva ngati pali chochita. Ndinali nditawerengera kale kuti palibe, chifukwa nsalu yamtundu umenewo ndikanaipeza kuti? Pa kauntala Tadala analimba mtima, naloza shatiyo, nati, "Chenshan." Mayiyo anaseka, namubwerezetsa katatu mpaka mawu atakhala m'malo mwake. Kenaka anavala magalasi, natembenuza shati, nayendetsa chala mumsoko wa m'mbali.

"Anasoka ndani?"

"Mayi anga."

"Ankakudziwani," anatero, akuyang'ana mimba yanga mosabisa. "Taonani."

M'mbali zonse ziwiri munali mutapindira nsalu mkati, zala zitatu uku, zala zitatu uku, yosita bwino kuti isatupe. Anati a fakitale sasiya yotere, amadula pafupi ndi ulusi kuti asaononge nsalu. Anatembenuzanso kolala, naiyang'ana nthawi yayitali, nati iyi yokha saikhudza.

Pamenepo ndinakumbukira mmene munandiyezera. Ndinali wowonda ngati bango, ndipo ndinadandaula kuti mukutaya nthawi ndi misoko. Munayankha muli ndi mapini kukamwa kuti, "Sindisokera thupi la lero lokha." Ndinkayesa mukunena za makasitomala.

Ndinaima m'sitolomo, bambo wa imvi, maso ali pa misoko yanu. Tadala ndi amene analandira kapepala kodzatengera shatiyo ikakonzedwa. M'sitima ya pansi pa nthaka, pobwerera, anandiwerengera zilembo ziwiri za Chitchaina za mawu aja akuti chenshan, zimene mayi uja analembapo, ndipo anandifunsanso funso lake lija. Ulendo uno ndinamuuza zonse, ngakhale za bodza la pafoni. Sanandinyengerere. Anati, "Zinali zoipa zimenezo, adadi." Ndinavomera, chifukwa ndi zoona.

Sindikudziwa ngati makalata amafika kumeneko. Zimene ndawerenga sizindipatsa chifukwa choganizira choncho. Koma ndinakunamizani ndi pakamwa panga, ndiye ndayenera kukonza ndi dzanja langa. Pepani, Amayi.

Shati ndinakaitenga dzulo. Ikukwana, ndipo mayi uja akuti mwatsalabe chala chimodzi mbali iliyonse. Lamulungu likudzali ndikawerenga mawu kutchalitchi, kutsogolo kwa mpingo wonse. Ndikaivala popanda jekete, kolala yanu yayitali ili poyera, ndipo wondifunsa ndidzamuuza dzina la telala wake.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Limbani