Yunifolomu ya Kanjinga

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija likuti bwanji? Ulendo watha munkadandaula kuti limatupa kukazizira. Ndamvanso kuti khanda lanu layamba kukwawa, ndiye kuti m'nyumbamo zinthu zonse mwazikweza m'mwamba.

Kuno ndilipo. Ntchito ndi yomwe ija yochapa ndi kusita nsalu za m'chipatala. Makina ena anawonongeka, moti ndikamaweruka zala zimakhala zitakwinyika ngati za nkhalamba. Chipinda chodontha chija ndinasamukamo. Chatsopanochi n'chouma, koma pansi pake pali shopu yowotcherera zitsulo, phokoso lake lofika m'mano.

Koma chimene ndagwirira cholembera ndi nkhani ya Kanjinga, mwana wa malemu achemwali athu. Ndayesa kangapo kuiyamba pafoni, koma ndikangotchula sukulu mumati mawu anga sakumveka.

Mukukumbukira kuti ndine ndinakapereka dzina lake ku kagulu kothandiza ana kuno. Mwina mumaganiza kuti ndi bungwe lalikulu la maofesi ndi magalimoto. Ayi ndithu. Ndi anthu ongodzipereka, osalandira malipiro. Amakumana Loweruka m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale, pa mipando yobwereka, ketulo yawo chogwirira chake n'chomanga ndi waya. Wotsogolera ndi namwino wa m'chipatala chathu chomwechi. Amene anasankha kumulipirira Kanjinga fizi kudzera kwa inu ndi dalaivala wonyamula nsalu zathu, bambo wachikulire, wodwala msana, wopanda mwana. Chithunzi cha Kanjinga anachimata pafupi ndi chiwongolero, ndipo aliyense wokwera galimotoyo amauzidwa kuti ameneyu ndi dokotala wa mawa.

Teremu iliyonse mumatumiza chithunzi chatsopano cha Kanjinga atavala yunifolomu, ndipo bamboyu amabwera nacho kwa ine akumwetulira. Zoyambazo ndinkangosangalala nazo. Koma chomalizachi ndinachiyang'anitsitsa. Achimwene, ine ndimadya za kusita. Chovala chochapidwa ndimachidziwa, chosachapidwa ndimachidziwanso. Mwana wakula, manja a bulawuzi afupika, siketi yakwera, koma kolala idakali youma ndipo mizere ya mmene anaipindira kusitolo ikuonekabe pachifuwa. Mwana amene tinamutcha Kanjinga chifukwa sadziwa kuyenda, amangothamanga, angavale yunifolomu chaka chathunthu osaisulutsa? Ndinadziuza kuti mwina alamu ndi osamala kwambiri.

Kenako tsiku lina m'mawa, pakati pa sabata, ndinaimba foni yanu ndili pa buleki. Anayankha ndi Kanjinga. Khanda linkalira pafupi penipeni, ngati lili kumsana kwake, ndipo munthu wina ankafunsa chenji cha shuga, ngati ali pagolosale panu. Nditamufunsa chifukwa chake sali kusukulu, anati aphunzitsi adwala. Ndinamufunsa zimene akuphunzira teremu ino. Iye anangonong'oneza kuti, "Mayi aang'ono, musawauze amalume kuti ndayankha ndine." Foni n'kuduka.

Sabata yotsatira ndinaimbanso nthawi ngati yomweyo. Anayankha alamu, nati mwana wapita kusukulu kale. Koma kumbuyo kwawo ndinamva wina akutonthoza khanda, ndipo mawu a mwana wa achemwali sindingawasokoneze ndi a munthu wina.

Chinanso chimandivuta. Munthu amene kaguluka kamamudalira kumeneko, amene amajambula zithunzi ndi kutsimikiza kuti ana akupita kusukulu, ndi mnzanu uja mumacheza naye kometetsa tsitsi. Sindikunena kuti munapangana. Ndikungonena kuti ndikaphatikiza zonsezi, mtima wanga sukhala m'malo.

Ndikanapitirizabe kubisa, koma dalaivala uja anabwera kumene ndimasitira, atapindika ndi msana wake, n'kundifunsa ngati sukulu ili kutali. Anati akufuna kumagwirako ntchito Lamlungu kuti amugulire mwanayo njinga. Ndinayang'ana nsapato zake zong'ambika kuchala ndipo bodza linandikanika. Ndinamuuza kuti adikire kaye, kenako ndinamufotokozera zonse, iye pamodzi ndi namwino uja.

Ndinkayembekeza kuti akalipa, mwinanso kundiyesa kuti ndili m'gulu lomudyera. Sanatero. Dalaivalayo anakhala pa mtolo wa nsalu n'kungofunsa ngati mwanayo akudya mokwanira. Anati sasiya kuthandiza, koma kuyambira tsopano fizi izipita kusukulu mwachindunji, osadzera m'manja mwa wachibale aliyense, ngakhale ine. Namwino anati aimbira yekha mphunzitsi wamkulu. Ndaona kuti ndi bwino mumve kwa ine, mlongo wanu, musanamve kwa alendo.

Sindinaiwale, achimwene, kuti tsiku la maliro a achemwali, pamene anafunsa woti atenge mwana, tonse tinayang'ana pansi, inu nokha munaimirira. Ndikudziwanso kuti golosale ndi khanda ndi katundu wolemera kwa alamu. Mukanandiuza kuti zathina, tikanaona pogwira. Chimene chikundiwawa n'chakuti mwina mwana amavekedwa yunifolomu tsiku lojambula lokha, n'kuivula n'kubwerera pakauntala. Ngati ndikulakwa, ndidzabwera ndekha kudzagwada pamaso panu ndi pa alamu. Koma mundionetse kulakwa kwangako, osangondiuza.

Pempho langa ndi limodzi. Mulole Kanjinga akakhale kwa azakhali athu, kufupi ndi sukulu, teremu ikubwerayi isanayambe. Ndalankhula nawo ndipo avomera, akuti bedi lilipo. Za munthu wothandiza pagolosale tikambirana, ndidzipanikiza kuno kuti ndithandizeko. Musamukalipire mwanayo. Sananene chilichonse, ndine ndinamva ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti kalatayi ndalemba ndekha, palibe wondituma. Moni kwa amalume aakulu, kwa msuweni wathu wa kuchigayo ndi ana ake onse. Khandalo mulipsompsone m'malo mwanga.

Kwa Kanjinga mumuuze kuti sanalakwe kuyankha foni, ndiponso kuti kuno kuli bambo wina amene sanamuonepo koma amamufunsa tsiku lililonse. Sindikudziwa ngati mumuuzedi, n'chifukwa chake mawu omwewa ndawasiyanso kwa azakhali.

Tsalani bwino, bondolo muzilithowa.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
wa kochapa nsalu