Dzina la a Benchi pansi pa chigamba

Aphungu,

Marauta athu, timakina togawa intaneti, atha masabata awiri osazima. Kwa miyezi itatu ankangofa ntchito ikawachulukira, mpaka abwana anandiuza kuti ndikalephera kupeza vuto, ntchitoyo aipereka kwa wina.

Ine ndimalemba pulogalamu yoyendetsa rauta, yomwe timati kenelo. Anandipulumutsa ndi mdala wina wokonza mabodi amagetsi, tonse timangowatchula kuti a Benchi chifukwa sachoka pa benchi yawo yogwirira ntchito. Anaima kumbuyo kwanga, kapu ya tiyi ili m'manja, nati, "Mwanawe, kachipangizo ka netiweki kamalemba molunjika mu memori, koma purosesa yako, ubongo wa rautayo, ikuwerengabe zakale zomwe inasunga m'kankhokwe kake, mu kashi. Yafanana ndi ine, nkhani imaipeza itazizira." Ndinawonjezera mizere inayi yotaya zakalezo purosesa isanawerenge. Basi, vuto linatha.

Lolemba nditumiza mizereyi, yomwe timati chigamba, kwa oyang'anira kenelo, amene amavomereza zosintha zonse. Mwambo wake, pansi pa chigamba timalemba dzina la amene anapereka nzeru. A Benchi akukana: "Dzina langa likakatani kumeneko? Ingondigulira shuga." Kumsonkhano abwana anayamikira ine ndekha, dzina la a Benchi silinatchulidwe. Kontirakiti ya a Benchi ikutha mwezi wamawa, ndipo abwana sanaganize ngati aiwonjezere. Munthu wotereyu ndimuthokoze bwanji?

Ine T.G.

A T.G.,

Shugayo gulani, koma shuga sawonjezera kontirakiti. Vuto analipeza ndi a Benchi, mizere munalemba ndinu, ndipo amene agamule za ntchito yawo akudziwa theka lokha la nkhaniyi.

Mawa lomwe lemberani abwana kalata yaifupi. Nenani tsiku, zomwe a Benchi anaona, ndi miyezi yomwe vutoli linakudyerani iwo asanabwere. Musakometsere, zoona zake n'zokwanira. Simutaya kanthu: bwana wanzeru amakhulupirira wantchito wonena kumene anatenga nzeru.

Za chigamba, musalembe dzina lawo mwakabisira, chifukwa likalowa mmenemo silifufutika. Afotokozereni kuti ndi umboni umene angaonetse kulikonse akamafuna ntchito. Akakanabe, alemekezeni. Kalata yopita kwa abwana ija ndiyo yosafuna chilolezo chawo.

Koma chenjerani, masabata awiri si umboni. Vuto la kashi limatha kugona mwezi wathunthu. Mwakonza mbali yolandira uthenga. Nanga potumiza, zomwe purosesa yalemba zikumafika mu memori kachipangizo kasanaziwerenge? Tengani mpando mukakhale ku benchi kuja, muyese marautawo limodzi ntchito itawapanikiza. Funso loyamba la oyang'anira kenelo likhala limenelo.